GTA VI ikubwera, ndigulitse ma PS4 anga?

Akuluakulu okonda magemu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi kashopu koseweretsa magemu pa Mchinji boma, ma PS4 awiri. Chionereni kanema wotsatsa gemu ya GTA VI amene kampani ya Rockstar inatulutsa mu Disembala 2023, mtima suli m'malo. Tikubwerera ku mzinda wa m'gemu wa Vice City, komwe enafe tinakulira pa PS2! Lucia ujanso, mmodzi mwa atengambali akuluakulu m'gemuyi, wandigwira mtima, chikhalirecho GTA V ndi ya 2013, tadikira mokwana.

Chandidetsa nkhawa n'chakuti gemuyi ndi ya PS5 ndi Xbox Series X/S basi. Komanso anyamata anga kuno amadzera mpira, GTA amaikumbukira akagoletsedwa zambiri.

Ndiye ndigulitse onse awiriwo n'kugula PS5 imodzi yakale? Inu amene munagula ku Lilongwe kapena ku Chipata, ma pad ake amalimba m'manja mwa ana asukulu?