Pikapu yaikulu yokokera ngolo kuno ku South Bend: ya petulo kapena ya dizilo?

Bambo_a_Tadala

Moni nonse. Ndithandizeni nzeru, mutu waima.

Ndili ku South Bend, ku Indiana. Ganyu amene ndinkangochita Loweruka tsopano wasanduka ntchito yodyetsa banja: nyengo yotentha ndimatchetcha kapinga m'makomo mwa anthu, nyengo yozizira ndimakankha sinowo. F-150 yanga yakale yatopa, ikamakoka ngolo imachita kulira. Ngoloyo ikadzaza makina awiri otchetchera ndi tizida tina imafika mapaundi 7,000. Mwa apo ndi apo ndimabwereka skid steer, kathirakitala konyamulira dothi kaja, ndiye katundu amayandikira 10,000. Kutsogolo ndikufuna kumangako chikhasu chokankhira sinowo.

Ndapeza galimoto ziwiri, zonse zoyendapo kale. Ina ndi Ford F-250 ya 2021 ya petulo, injini ya 7.3. Ina ndi Ram 2500 ya 2020 ya dizilo, injini ya Cummins 6.7, ndipo mwini wake akufuna madola 9,000 pamwamba pa mtengo wa Ford ija. Pa chaka ndimayenda mamailosi cha m'ma 12,000, ndipo ambiri mwa iwo ndi a mkati mwa tauni: South Bend, Mishawaka, Granger. Kuyenda mphindi zochepa, kuzimitsa, kutsitsa makina, kulizanso.

Mtima wanga uli pa dizilo, sindibisa. Apongozi anga ku Ntcheu anayendetsa galimoto zaka zambiri, ndipo nditawauza pa foni anangoseka nkunena kuti petulo ndi wa galimoto zopitira kutchalitchi, ya ntchito imamwa dizilo basi. Koma 9,000 si masewera. Amene mwayendetsapo zimenezi, mukuti bwanji?

Wa_ku_Elkhart

Achimwene, ine ndiyankha ngati munthu wokondera, chifukwa chakudya changa chimachokera mu Cummins. Ndimakoka ma RV atsopano, ngolo zogonamo za apaulendo, kuchoka ku mafakitale a kuno ku Elkhart kupita nawo kwa ogulitsa m'madera osiyanasiyana, ndipo pa ntchito imeneyi simungapeze munthu wa nzeru zake akuyendetsa ya petulo.

Nkhani yagona pa torque, mphamvu yokokera ija. Ford ya 7.3 imene mwaionayo imatulutsa 475 lb-ft. Cummins ya mu Ram 2500 ya 2020 imatulutsa 850, ndipo imayamba kuitulutsa injini isanakuwe nkomwe. Mukamakwera mapiri a pa msewu wa I-70 kumadzulo kwa Denver muli ndi chimphona kumbuyo, ya petulo imatsika magiya nkumakuwa mpaka wailesi osamveka, pomwe ya dizilo imangong'ung'udza pansipansi nkumapita. Potsetsereka ndiye pamene ndimaikondera zedi: mumangodina batani la exhaust brake, injini yokha nkumagwira galimoto, mabuleki osatentha. Aliyense amene anamvapo fungo la mabuleki opserera ali pakati pa mtsetse akudziwa chimene ndikunena.

China chimene anthu saganizira: pomwetsa mafuta. Mapampu a dizilo a pa truck stop ndi otakasuka, mumalowa ndi ngolo yaitali nkutulukira kutsogolo. Pa mapampu a petulo mumapanikizana ndi tigalimoto ting'onoting'ono, kubwerera chammbuyo thukuta lili kamukamu.

Komanso injiniyi ndi ya kwathu konkuno, likulu la Cummins lili ku Columbus, kummwera kwa Indianapolis, ndipo akhala akuiika mu pikapu za Dodge kuyambira 1989. Pogulitsa simudzavutika kupeza wogula.

Koma poti ndinu mbale wanga ndinene zoona: mamailosi anu a chaka chonse ine ndimawatha miyezi iwiri isanakwane. Dikirani amakaniko abwere anene zawo.

Makaniko_Mishawaka

Ndabwera. A Bambo a Tadala, zimene anena a ku Elkhart ndi zoona zokhazokha, kungoti akufotokoza ntchito yawo, osati yanu. Kwa inu, ndi mayendedwe amene mwalongosolawo, tengani ya petulo. Ndikuuzeni chifukwa chake, mupirire kutalika.

Dizilo ya masiku ano ili ndi fakitale yaing'ono pansi pake. Kuyambira cha m'ma 2007, malamulo a utsi kuno anakakamiza opanga galimoto kuika DPF, sefa imene imakola mwaye mu paipi ya utsi. Sefayo ikadzaza, kompyuta imathira dizilo wowonjezera kuti paipi itenthe kwambiri mwayewo upse. Timati galimoto ikuchita regen. Kuti regen ithe bwino pamafunika injini yotentha ndi msewu wautali, mphindi makumi awiri kapena kuposa mukuyenda osaima. Tsono inu mukuchoka pakhomo la kasitomala mmodzi kupita kwa wina mphindi zisanu, injini isanatenthe mwazimitsa kale. Regen imayamba, inu nkuidula. Mawa iyambanso, muidulanso. Mapeto ake nyali imayaka pa dashibodi, mphamvu imachepa, ndipo dizilo wina amene sanapse amatsikira mu oyilo nkumusungunula. Galimoto za dizilo zimene ndimaziona kawirikawiri pagalaja si za anthu a maulendo ataliatali ayi. Ndi za anthu a ntchito ngati yanu.

Kukankha sinowo ndiye koipiratu: usiku wonse kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo, liwiro la munthu woyenda pansi, kenako kuima injini ikulira mukumwa khofi. Mwaye umachita kusangalala.

Pamwamba pa DPF pali DEF, timadzi timene mumathira m'thanki yakeyake ya chivindikiro cha buluu. Ram anayamba kuika zimenezi mu pikapu zake mu 2013, Ford ndi Chevrolet mu 2011. Mukafuna kudziwa, timadziti ndi Urea yemweyo wa m'munda wa chimanga, woyengedwa bwino, magawo 32.5 pa 100, otsalawo ndi madzi oyera. Amaundana pa madigiri 11 a Celsius pansi pa ziro, ndiye thanki yake ili ndi chotenthetsera, pampu, ndi masensa angapo. Chimodzi mwa izi chikafa, kapena DEF akatha inu nkunyalanyaza machenjezo, kompyuta imakumangani miyendo: liwiro likhoza kutsitsidwa mpaka mamailosi 5 pa ola. Ganizirani zimenezo zikuchitikireni 4 koloko m'mawa, sinowo wa ku nyanja ya Michigan atagwa usiku wonse, makasitomala akuimba foni kuti sangathe kutuluka kupita kuntchito. Wina adzakunong'onezani kuti kuli anyamata amene amachotsa zonsezi. Musayerekeze, ndi mlandu pansi pa Clean Air Act, lamulo loteteza mpweya la kuno, ndipo ogulitsa galimoto ambiri salandira yotero.

Kuzizira nakonso. Dizilo ali ndi phula mkati mwake, kukazizira kwambiri phulalo limagwirana nkutseka fyuluta. Amene munali kuno kumapeto kwa Januwale 2019 mukukumbukira mmene kunalili. Zothana nazo zilipo: mafuta osakaniza a nyengo yozizira, mankhwala othira m'thanki, ndi kulumikiza block heater, chotenthetsera injini, ku magetsi usiku. Koma zonsezo ndi ntchito yowonjezera imene wa petulo saidziwa.

Za sevisi mwachidule: Cummins imamwa ma quart 12 a oyilo (quart ndi muyeso wochepera pang'ono pa lita), Ford ya 7.3 imamwa 8. Ram ili ndi mafyuluta awiri a mafuta ofuna kusintha pafupipafupi, ndi mabatire awiri. Chikawonongeka cha dizilo, kaya ma injector kaya turbo, bilu yake imakhala ya masauzande. Injini ya 7.3 Ford anaitulutsa mu 2020 akuganizira makamaka galimoto za makampani, ndi yosavuta: V8 ya ma pushrod, yopanda turbo, makaniko aliyense wa pakona amaitsegula. Mapaundi 10,000 kwa iyo si nkhani.

Ndipo poti mwatchula chikhasu: injini ya dizilo imalemera mapaundi mazana angapo kuposa ya petulo, ndipo kulemera konseko kwatsamira pa ekiselo ya kutsogolo, pomwe mukufuna kupachikapo chitsulo china cholemera. Tsegulani chitseko cha dalaivala muwerenge mapepala omata pamphuthu: lina limanena malire a ekiselo ya kutsogolo, lachikasu limanena katundu amene galimotoyo ingasenze. Mudzadabwa kuona kuti ya petulo nthawi zambiri imaloledwa kusenza zambiri kuposa ya dizilo ya msinkhu womwewo.

Ngati mtima ukanabe nkupita ku Ram, chitani ichi musanapereke ndalama. Ma Ram a dizilo a 2019 ndi 2020 anaitanidwa mu 2021 kuti akasinthidwe pampu ya mafuta ya mtundu wa CP4. Tengani VIN, nambala yozindikiritsa galimotoyo, muilowetse pa webusaiti ya NHTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha galimoto, muone ngati imeneyo inakonzedwa.

NaBanda_wa_maakaunti

Alamu, ine za ma injector sindizidziwa, koma mabuku a bizinesi ya kunyumba kwathu ndimalemba ndine, ndiye tiyeni tiwerengere. Manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu. Tinene kuti ya petulo ikuyenda mamailosi 12 pa galoni, ya dizilo 16. Pa mamailosi 12,000, ndiye magaloni 1,000 a petulo kapena 750 a dizilo. Petulo akhale $3.20, dizilo $3.80. Wa petulo walipira $3,200, wa dizilo $2,850. Mwapulumutsa $350 pa chaka, ndipo musanaisangalalire chotsanipo DEF, mafyuluta ndi oyilo wowonjezera uja. Kuti 9,000 ibwerere kudzera pa pampu, Tadala adzakhala atakupatsani zidzukulu.

Ndipo musayembekeze kuti dizilo adzatchipa kuposa petulo ngati kale. Ngakhale msonkho wa boma lalikulu ndi wosiyana, masenti 24.4 pa galoni ya dizilo, 18.4 pa petulo. Mu Juni 2022 dizilo anadutsa $5.80 pomwe petulo anangopitirira pang'ono $5.

A ku Elkhart akunena zoona kuti pogulitsa ya dizilo imabweza gawo la ndalamazo. Koma ngati mukutenga ngongole, chiwongoladzanja cha 9,000 imeneyo mukulipira kuyambira mwezi woyamba, pomwe ndalama yomweyo ikanagula chikhasu chija ndi makina othirira mchere, zinthu zoti ziyamba kulowetsa ndalama Disembala yemweyu.

Kanthu kena kosakhudza injini. Granger ili pa malire penipeni. Tsiku limene mudzapeze kasitomala ku Niles kapena ku Edwardsburg, mwalowa mu Michigan, ndipo galimoto ya bizinesi yodutsa malire a state imene kulemera kwake pamodzi ndi ngolo kwafika mapaundi 10,001 imafunika nambala ya USDOT, ya kaundula wa unduna wa za mtengatenga. Izi zikukhudzani kaya mwagula iti.

Mjomba_Area25

Ine ndili ku Lilongwe, sinowo ndimangomuona pa TV, koma ndiloleni ndiwaikire kumbuyo apongozi anuwo. Sakunama. Dizilo imene iwo akuidziwa ndi ngati 1HZ ya mu Land Cruiser, 4.2 ya masilinda sikisi, yopanda turbo, pampu yake ya makina wamba, kompyuta palibe. Imeneyo mumaiyendetsa m'matope a dzinja, kuisiya ikulira tsiku lonse, ndipo mwana wanu adzailandira ngati chuma cha masiye ikadali moyo. Koma ndikawerenga zimene alemba amakanikowa, zanuzo ndi nyama ina, yangofanana dzina.

Ngati mumtima muli kamaganizo koti tsiku lina mudzaikweza sitima ibwere kuno, kachotseni. Chiwongolero chake chili kumanzere, ndipo sensa ya DEF ikafa muli ku Ntcheu mudzaidikira mpaka chimanga kucha.

Bambo_a_Tadala

Zikomo nonse, mwanditsegula maso, makamaka pa za regen. Sindinkadziwa kuti kuzimitsazimitsa kwanga kungakhale vuto. Alamu, masamu anuwo ndawabwereza ndi mitengo ya pa pampu ya pafupi ndi kwathu, kusiyana kwake sikunapite patali. Loweruka ndikukaiona Ford ija, ndipo mwini wake wavomera kuti ndibwere ndi ngolo yanga tiikoke ndione mmene ikuchitira pa msewu wa US-31. A ku Elkhart, musandikwiyire.

Amakaniko, kupatula mapepala a pachitseko aja, ndikayang'anenso chiyani?

Makaniko_Mishawaka

Lowani pansi ndi tochi muone dzimbiri pa felemu ndi pa mapaipi a mabuleki, mchere wa m'misewu yathu suchita manyazi. Onani ngati kutsogolo kuli mabowo kapena zitsulo zosonyeza kuti inamangidwapo kale chikhasu. Ngati inakankhapo sinowo, giyabokosi ndi ma ball joint zagwira ntchito yoposa imene mamailosi akuonetsa, ndiye mtengo utsike. Funsani ngati ili ndi snow plow prep package, imene imabwera ndi masipuling'i olimba a kutsogolo ndi alternator yaikulu. Kenako pa dashibodi fufuzani pamene palembedwa engine hours ndi idle hours, maola onse amene injini yalira ndi amene yalira galimoto itaima. Galimoto zambiri za 7.3 zinali za makampani, ndipo ina imaoneka ya mamailosi ochepa chonsecho inkakhala ikulira pa saiti kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mukapeza manambala awiriwo, alembeni pano tiwaone limodzi musanasaine chilichonse.