Thandizeni nzeru: tingatani kuti galimoto ndi njinga zamoto zichepetse liwiro mu msewu wa m'dera mwathu kuno ku Salima?

Moni nonse. A admin chonde ivomerezeni, nkhani yake ndi ya miyoyo ya ana.

Ndikufuna nzeru kwa amene munayendetsapo nkhani ya msewu mpaka mahampu ovomerezeka kapena chikwangwani cha liwiro n'kuikidwa. Ndimakhala pa boma pa Salima, m'dera la nyumba zokhazokha kuseri kwa msewu waukulu wopita ku Senga Bay. Msewu wathu ndi wa kilomita imodzi kapena kuposera pang'ono. Uli wa maenje palibe ankaufuna. Chiuikireni phula wasanduka njira yachidule ya aliyense wothawa piringupiringu wa pa Kamuzu Road: ma Sienta, njinga zamoto za kabaza, malole a mchenga, ndipo Loweruka ndi Lamlungu kumabweranso a ku Lilongwe othamangira ku nyanja.

Mu msewumu muli sukulu ya pulayimale, sukulu za mkaka, mjigo, chigayo, mzikiti ndi tchalitchi. Poyenda anthu a pansi palibe. Pothera phula pali ngalande, kuseri kwa ngalande mipanda ya anthu. Ndiye mayi wosenza ndowa, mwana wa Sitandade 1 ndi lole ya mchenga onse akugawana phula lomwelo.

Mwezi wathawu mwana wa aneba anagundidwa ndi njinga yamoto akuchokera ku sukulu, ali gone ndi pulasitala mwendo wonse. Achinyamata atapsa mtima anaunjika dothi ndi miyala mopingasa msewu usiku womwewo. Sabata isanathe wakabaza wina atanyamula mayi wobereka mwana anagwera pomwepo mumdima. Panopa dera lagawikana, ena akuti dothilo lichoke, ena akuti aliwonjezere.

Ine ndili mu komiti ya chitukuko ya VDC ndipo amfumu andipatsa ntchito yolemba kalata. Ku ofesi yomwe ndinayambira kufunsa anati si nkhani yawo, anandilozera kwina, kwinako nakonso anandibwezera koyamba kuja. Ndiye kalatayi ipite kwa ndani kwenikweni? Kodi anthu wamba tingathe kupempha kuti liwiro la msewu wathu likhale makilomita 30 pa ola? Ku komiti ena akuti tipemphe chikwangwani chokha poti n'chotchipa, sangatikanize. Ine mtima wanga ukukana. Munthu amene akuona ana a yunifolomu ali mbwee mu msewu koma osachotsa phazi pa moto, chitsulo cholembedwa nambala chimuuza chiyani? Koma mwina ndikulakwitsa, n'chifukwa chake ndabwera kwa inu.

Mayi a Chisomo, Salima

Ndemanga

Bambo a Tadala: Mayi, ndagwira ntchito za misewu zaka zambiri, ndiye ndiyankhako mbali yomwe ndikuidziwa. Musanalembe kalikonse dziwani kaye mwini wake wa msewu. Misewu ikuluikulu monga M5 ya m'mbali mwa nyanja ndi M14 yochokera ku Lilongwe, pamodzi ndi ina yokhala ndi zilembo S ndi T, imayang'aniridwa ndi Roads Authority. Ya m'makwalala ngati wanuwo nthawi zambiri ndi ya khonsolo. Choncho kalata ipite kwa a DC, ndipo munthu womusakasaka ndi mkulu woona za zomangamanga ku khonsolo, uja amati Director of Public Works. Makope apite kwa khansala wanu, kwa mkulu wa apolisi apamsewu, ndi ku nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS. Msewuwo ukapezeka kuti uli m'manja mwa Roads Authority, mkulu yemweyo ndi amene angakuuzeni, ndipo kalata yochokera ku khonsolo imamveka msanga kuposa yanu.

Za chikwangwani mukunena zoona. Liwiro limatsika ndi mmene msewu waumbidwira. Msewu wowongoka, wosalala, wopanda chotchinga, umamuitana yekha dalaivala kuti aponde. Koma chikwangwanicho chipempheninso, chifukwa popanda icho wapolisi alibe pogwirira munthu, ndiponso hampu yopanda chenjezo ndi msampha.

Zimene aunjika achinyamatazo si mahampu, ndi mizere ya mbatata. Hampu yeniyeni imakhala yotambalala, pafupifupi mamita 3.7 kuchokera pokwerera kufika potsikira, koma msinkhu wake sudutsa masentimita 10. Galimoto ya pa 30 imadutsa bwinobwino, ya pa 60 imadumpha. Yanuyo ndi yaifupi ndi yosongoka, ndiye lole ya mchenga imangoiponda osamva kanthu, wovulala ndi wa njinga. Chinanso, hampu imodzi payokha sithandiza. Munthu akangoidutsa amapondanso moto kuti abweze nthawi. Zimafunika zingapo zotalikirana mamita osapitirira 100, zopakidwa penti, ndipo zisatseke njira ya madzi. Mvula ya kuno mukuidziwa.

Mayi a Chisomo: Bambo a Tadala, zikomo kwambiri. Ndiye dothilo tichotse? Ndikanena ine zimenezo ku dera andiona ngati ndagulidwa.

Bambo a Tadala: Chotsani mayi. Kutchinga msewu wa boma popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo wina akafera pamenepo afunsa kuti anaunjika ndani. Asanene ndinu, akanene amfumu.

Wakabaza wa pa Siteji: Amayi, pepani za mwanayo, Mulungu amuchize. Koma pagulu pano zikangochitika aliyense amati akabaza, akabaza. Njinga zambiri zomwe mukuzionazi si zathu. Mwini wake amafuna ndalama yake madzulo, kaya kwagwa mvula kaya mafuta akwera. Pasinjala naye akangokwera amati thamanga ndachedwa, ukayenda pang'onopang'ono mawa akwera ya mnzako. Ndiye mukuti 30, ndiidziwa bwanji 30? Njinga zambiri mita inafa kalekale, ena anachita kudula waya. Ine ndimayendera khutu. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti siteji iliyonse ili ndi wapampando ndi malamulo ake, munthu akalakwa timamuimitsa masiku angapo osanyamula. Chilango chimenecho timachiopa kuposa chikwangwani. Koma palibe anabwerapo kudzakhala nafe pansi, timangomva kutukwanidwa.

Mayi a Chisomo: Achimwene, sindinabwere kudzanyoza ntchito yanu, ifenso timakwera inu nomwe popita ku chipatala. Koma amene anagunda mwanayu sanaime n'komwe, ndipo njinga yake inalibe nambala.

Wakabaza wa pa Siteji: Ameneyo si wa siteji. Alipo ambiri ongobwereka njinga kwa mchimwene wawo, waphunzira Lolemba pa bwalo la mpira, Lachitatu wayamba kunyamula anthu. Ifenso amatiwonongera mbiri.

Aphunzitsi Opuma: Ndiloleni ndiikepo masamu pang'ono, mukawaike m'kalatamo chifukwa akuluakulu amakonda manambala. Galimoto ya pa 30 imayenda mamita 8 pa sekondi imodzi, ya pa 60 imayenda pafupifupi 17. Dalaivala akaona mwana, pamatha sekondi yathunthu phazi lisanafike pa buleki. Akaponda, ya pa 30 imafuna mamita ngati 5 kuti iime, ya pa 60 imafuna ngati 20, chifukwa liwiro likawirikiza kawiri mtunda woimira umawirikiza kanayi. Phatikizani: wa pa 30 waima pa mamita 13, wa pa 60 pa mamita 37. Taonani bwino pamenepa. Pamalo pamene wa pa 30 waimiratu, wa pa 60 sanayambe n'komwe kuponda buleki, mwanayo akumugunda ndi liwiro lonse. Awa ndi masamu a phula louma ndi matayala abwino. Pa phula lathu lokutidwa ndi mchenga, ndi matayala a kaunjika osalala aja, mtunda umaposa apa.

Bungwe la WHO limanena kuti mwa anthu 10 oyenda pansi ogundidwa ndi galimoto ya pa 30, anthu 9 amapulumuka, koma pa 45 opulumuka sakwana theka. N'chifukwa chake pa msonkhano wa ku Stockholm mu 2020 maiko anagwirizana kuti malo amene galimoto zimasakanikirana ndi anthu oyenda pansi ndi apanjinga liwiro lizikhala 30. Ndiye simukupempha zachilendo. Ndipo wodandaula kuti achedwa mumuuze kuti kilomita imodzi pa 60 ndi mphindi imodzi, pa 30 ndi mphindi ziwiri. Mkangano wonsewu ndi wa mphindi imodzi.

Kamnyamata ka ku Area 25: Ana anu muziwasunga kunyumba. Msewu ndi wa galimoto, timalipira misonkho ife. Dziko lonse mahampu okhaokha, mashoko atha.

Nachisale: Iwe, sukulu aziphunzirira m'chipinda chogona? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ukabereka udzabwerenso pagulu pano tidzakuone.

Che Mdala wa ku Senga Bay: Msonkho wa mseuwo uli mu mtengo wa mafuta, mwanawe, ndipo amene wakwera kabaza kapena minibasi waulipiranso. Usamayankhule ngati phula unagula wekha.

Namwino Wotopa: Ine ndili mbali yanu mayi, ovulala pa njinga zamoto timawalandira tsiku ndi tsiku ndipo ambiri amakhala opanda chipewa. Koma ndikupempheni chimodzi. Ngati msewu wanuwo umadutsa ambulansi, nenani zimenezo m'kalata kuti asaike mahampu osongoka. Mayi amene matenda ayamba, kapena munthu wothyoka fupa, hampu iliyonse amaimva mpaka m'mutu. Pa sukulu pemphani malo owolokera okwezedwa, apamwamba pake pafulati, opakidwa mizere yoyera. Amagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Timizere togwedeza tija musatipemphe pafupi ndi nyumba, malole akamadutsa usiku simugona.

Anaphiri a ku Nkhotakota: Achemwali, ife kuno tinadutsamo mu zimenezi pa msewu wa ku sukulu ya ana athu, ndiye mverani. Kalata ya munthu mmodzi imasowa. Yambani ndi msonkhano wa VDC, nkhaniyi ilembedwe mu maminitsi, ipite ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse la mfumu yaikulu, chifukwa khonsolo imayang'ana zomwe zadutsa m'makomiti amenewa. Pa kalatapo pakhale chidindo cha amfumu, cha ahedi, ndi masaini a komiti ya sukulu, a mzikiti ndi a tchalitchi. Phatikizanipo lipoti la apolisi la ngozi ya mwanayo ngati makolo ake avomera. Kenako tumani achinyamata okwiya aja akhale pa mjigo ndi kope, awerenge galimoto, njinga ndi ana owoloka kuyambira 6 mpaka 8 m'mawa kwa sabata imodzi. Mkwiyo wawo upite pamenepo m'malo mwa makasu.

Yankho loyamba lidzakhala lakuti ndalama palibe, musadabwe. Chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 April, ndiye pempho lanu lifike miyezi ingapo isanakwane nthawi imeneyo, bajeti ya khonsolo ikukonzedwa. Funsaninso za thumba la chitukuko cha m'dera la CDF kudzera kwa khansala ndi aphungu. Ife tinachita kunena kuti mchenga, miyala ndi anthu ogwira ntchito tipereka tokha, iwo atipatse simenti, penti ndi munthu wodziwa kuyeza. Zinatenga nthawi yaitali, ena mu komiti anafooka n'kusiya. Podikira, makolo tinkasinthana kuima pa sukulu m'mawa ndi poweruka, titavala zonyezimira zija, kuwolotsa ana m'magulu. Ndinene mosabisa, chimene chinathandiza msanga ndi chimenechi, kuposa mahampu amene anabwera pambuyo pake. Vuto lake anthu amatopa, ikafika nthawi yolima mumatsala awiri.

Mayi a Chisomo: Anaphiri, mwandipatsa zogwira. Nanga kwanuko malole anasiya kudutsa?

Anaphiri a ku Nkhotakota: Ayi, amadutsabe, koma mwaulemu. Ma Sienta ndi amene anachepa, ataona kuti njira yachidule ija yasiya kufupika.

Malume a ku Cardiff: Kuno ku Wales anatsitsa liwiro m'misewu ya m'malo okhala anthu kufika pa mamailosi 20, omwe ndi makilomita 32, mu September 2023. Anthu oposa 400,000 anasaina kalata yokana, moti boma linalola kuti misewu ina iunikidwenso. Ku Spain anaika 30 m'misewu ing'onoing'ono ya m'matauni mu 2021. Ndiye kukana kuli ponseponse, musayembekezere kuti onse akuomberani m'manja. Kusiyana kwake kuno kuli makamera ndipo chindapusa chimakupeza pakhomo. Kwathuko musadalire wapolisi kuima mu msewu wa m'dera tsiku lililonse, alipo ochepa ndipo amakhala ku misewu ikuluikulu.

Bambo a Tadala: Ndiwonjezere pa za malole. Khonsolo ili ndi mphamvu yopanga malamulo ake a m'boma pansi pa lamulo la maboma ang'ono la 1998, ndiye mungathe kupempha kuti galimoto zolemera ziletsedwe mu msewuwo, kapena zisamadutse nthawi yopita ndi yoweruka ku sukulu. Phula la m'makwalala limakhala lopyapyala, silinapangidwire lole yodzaza mchenga wonyowa. Mfundo imeneyi ikaikeni pamwamba, chifukwa injiniya amene sangatekeseke ndi nkhani ya ana amatekeseka akamva kuti msewu wake watsopano ukuphwanyika. Ndipo popereka kalata tengani makope awiri, imodzi akudindireni tsiku lolandirira mubwerere nayo.

Mayi a Chisomo: Zikomo nonse, ndalemba zonse m'kope. M'kalata ndipempha 30, malo owolokera okwezedwa pa sukulu, mahampu oyezedwa, ndi nthawi ya malole. Za dothi ndikakamba ndi amfumu mawa. Achimwene a kabaza, wapampando wanu tingamupeze nthawi yanji? Ndikufuna naye asaine, ngati angalole.

Wakabaza wa pa Siteji: Bwerani cha m'ma 2 masana pamene ntchito yazizira, m'mawa palibe angakumvereni. Mubwere ndi amfumu kapena nduna yawo, osati achinyamata aja. Kusaina asaina, koma akufunsani kuti penti ya pa mahampuwo azidzapakanso ndani ikafufutika, ndiye yankho mukhale nalo. Masiteji a mbali imeneyo alipo angapo, mudzayenera kuyenda onse.