Kodi purosesa ya Core 2 Duo E8400 ndingaiwonjezere bwanji liwiro popanda kuiwotcha?

Wa ku Kawale:
Moni nonse. Ndinagula kompyuta yakale ya padesiki m'tauni, ndipo muli purosesa ya Intel Core 2 Duo E8400 ndi RAM ya DDR2-800. Ndamva kuti overclocking imathamangitsa purosesa kuposa liwiro limene inatuluka nalo kufakitale, koma ndikuopa kuiwononga chifukwa ndalama yogulira ina ndilibe. Kodi ndiyambire pati?

Mkonzi wa ku Area 25:
Achimwene, yambani mwalowa mu BIOS (pulogalamu ya pa motherboard imene imayamba kugwira ntchito mukangoyatsa kompyuta) kuti muone ngati muli posinthira FSB (liwiro la njira imene purosesa imalumikizirana ndi zida zina za m'kompyuta), popeza makompyuta ambiri ochokera m'maofesi, monga Dell OptiPlex, salola zimenezi, ndipo ngati yanu ndi yotero nkhaniyi yathera pomwepo. Purosesa yanuyo inatuluka mu 2008, ndipo liwiro lake la 3.0 GHz limapezeka pochulukitsa FSB ya 333 MHz ndi 9. Nambala ya 9 simungaikweze chifukwa Intel inaitseka, choncho chimene chatsala m'manja mwanu ndi FSB yokha. Mukaifikitsa pa 400 MHz mupeza 3.6 GHz, ndipo mukaika RAM pa 1:1, kutanthauza kuti iziyendera limodzi ndi FSB, idzakhala ikuyendabe pa liwiro limene inapangidwira. Musalumphe n'kufika pamenepo tsiku limodzi. Kwezani ndi 10 MHz yokha, kenako yesani ndi Prime95, pulogalamu yogwiritsa purosesa ntchito yolemetsa, kwa ola lathunthu mukuyang'ana kutentha pa pulogalamu ya Core Temp, ndipo ikapirira mukwezenso.

Mayi a ku Biwi:
Ndikugwirizana ndi bambo a ku Area 25, koma ine nkhawa yanga ili pa kutentha. Kompyuta imene yakhala zaka zambiri mu Lilongwe muno imakhala itadzaza fumbi m'kati, ndipo thermal paste yake, phala lopaka pakati pa purosesa ndi chitsulo choiziziritsa, imakhala itauma kalekale. Tsegulani, pukutani fani, pakani paste yatsopano, ndipo muziyesa masana m'mwezi wa Okutobala, chifukwa liwiro limene lapirira kuzizira kwa Juni likhoza kukanika dzuwa likaswa mtengo. Ine ndikaona madigiri 70 ndimabwerera m'mbuyo. Voteji, mphamvu ya magetsi opita ku purosesa, musaikhudze poyamba, ndipo ngati mwakakamizika kuikweza, isapitirire 1.36 V.

Mkonzi wa ku Area 25:
Ndinaiwala chinthu chimodzi. Mukakweza mopitirira, kompyuta imatha kuyaka koma osaonetsa kanthu pa sikirini, ndipo ambiri amaganiza kuti yapsa. Zulani chingwe cha magetsi, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa motherboard kwa mphindi zingapo, n'kukabwezera, ndipo BIOS idzabwerera mwakale.

Wa ku Kawale:
Zikomo kwambiri nonse. Posinthira FSB ndapapeza, koma nditatsegula ndaona kuti fani yatsekeka ndi fumbi, moti ngakhale ndisanasinthe chilichonse Prime95 ikufikitsa kutentha pa madigiri 72. Loweruka ndikagula paste kaye.