Thandizeni: buku la V for Vendetta ndi chimodzimodzi ndi filimu yake kapena ndingotaya ndalama?

Membala wosatchula dzina
Moni nonse, admin chonde ivomereni iyi. Mwana wanga wamkazi wa fomu 3 anaonera filimu ya V for Vendetta pa laputopu ya msuweni wake holide yapitayi ndiye kuyambira pamenepo sakundipatsa mpata, akuti filimuyo inachokera m'buku la zojambula ngati makomiki aja ndipo akulifuna. Ine filimuyo ndinaionera kalekale, ndimangokumbuka chigoba chija ndi mtsikana wometedwa mpala basi. Mlamu wanga ali ku Johannesburg akubwera mwezi wamawa, akuti atha kuligula koma ndidzamubwezere ndalama yake. Funso langa ndi loti kodi bukulo ndi nkhani yomweyo ya mufilimu kungoti yaikidwa papepala? Chachiwiri, mwana wa zaka 15 angawerenge zimenezo? Ayankhe amene anawerengapo chonde, osati ongoganizira.

Achimwene a ku Leeds
Mayi, ndili nalo bukuli ndipo si zofanana. Analemba ndi Alan Moore, wojambula David Lloyd, linayamba kutuluka pang'onopang'ono mu 1982 m'magazini ya ku Britain yotchedwa Warrior, nthawi ya Margaret Thatcher, kenako magaziniyo inatsekedwa nkhani isanathe ndiye a DC, kampani ya makomiki ya ku America, anadzaimalizitsa mu 1988 ndi 1989. Filimu inafika m'makanema mu 2006. Muone kusiyana kwake kuchokera poyambirira penipeni. Mufilimu Evey, wometedwa mpala uja, ndi mtsikana wamkulu wogwira ntchito pa TV amene wangophwanya lamulo loletsa kuyenda usiku. M'buku ali ndi zaka 16, amagwira ntchito kufakitale ya zida, malipiro sakumukwanira ndiye usiku umenewo watuluka koyamba kukayesa uhule, mwatsoka bambo amene wamuyimitsa ndi wapolisi wachinsinsi. Ndiye V, wa chigoba uja, akamupulumutsa amaphulitsa nyumba ya malamulo pompo, koyambirira, pomwe mufilimu zimenezo anazisunga kuti zikhale zothera.

Mtsikana wa pa Zomba
Eee achimwene mwayambatu kutiululira, enafe sitinawerenge 😭

Achimwene a ku Leeds
Pepani chemwali koma mayiwa afunsa kusiyana, ndingawauze bwanji osaulula. Tsekani maso ndikupitiriza. Chimene chinandigwira mtima ine ndi V mwini wakeyo. Mufilimu umamukonda basi, amaphikira Evey mazira m'mawa atavala epuloni, amavina naye, mapeto ake amachita kumuuza kuti anamukonda. M'buku munthu uja amaopsa, sudziwa ngati ndi mpulumutsi kapena mutu unasokonekera kundende ya Larkhill kuja komwe ankamuyesera mankhwala mu chipinda nambala 5. Ndipo sakumenyera kuti kubwere boma labwino ayi, iye akufuna pasakhale wolamulira mnzake ndi mmodzi yemwe, anarchy imene ija. Filimu inazembera dala mfundo imeneyo, n'chimodzi mwa zomwe Moore anadandaula nazo, ankati aisandutsa nkhani ya ndale za ku America za nthawi ya Bush pomwe iye analemba za England. Dzina lake mufilimumo mulibe, anakana. Lloyd yekha ndi amene anaiyamikira.

Bambo a Tada
Ine nditsutsepo pang'ono. Anthu owerenga mabuku mumakonda kunyoza mafilimu ngati ndinu nokha ozindikira. Filimu ija ndi yabwino heavy, Hugo Weaving anasewera ngati V filimu yonse nkhope osaoneka koma umamva chilichonse m'mawu mokha, ndipo Natalie Portman, yemwe anali Evey, anametedwadi tsitsi pa kamera sizinali zopanga. Gawo la kalata ya mkaidi Valerie ija yolembedwa pa tishu analitenga bwinobwino, ine mpaka misozi. Komanso chigulu cha anthu ovala zigoba chikupita ku Parliament asilikali osaombera, mwati zimene zija n'zachabe? Si kuchokera pamenepo a Anonymous, gulu la pa intaneti lija, anayamba kuvala chigoba cha Guy Fawkes chomwe V amavala pa zionetsero?

Achimwene a ku Leeds
Sindinati ndi yoipa akulu, za Valerie ndikugwirizana nanu, gawo limene lija analisunga pafupifupi momwe lilili m'buku. Koma chigulu cha zigobacho m'buku mulibe. Kumeneko boma likagwa kumabuka chipwirikiti, anthu akuba m'masitolo, ndipo Evey ndi amene amavala chigoba kukhala V watsopano, sitima ya mabomba ija imakaphulitsa Downing Street, komwe kuli ofesi ya mtsogoleri wa boma. Buku limakusiya osadziwa ngati mawa kukhale bwino. Filimu imakutumiza kunyumba ukuomba m'manja.

Aphunzitsi opuma
Ndionjezepo chimodzi chomwe sichinatchulidwe. Mufilimu mtsogoleri Sutler ndi chinkhope chokalipa pa sikirini, ndipo chipani chake chinalowa m'boma pofalitsa dala kachilombo kenako n'kunamizira ena, ndiye woonera amati anthu wamba anangopusitsidwa. M'buku dzina lake ndi Adam Susan, munthu wosungulumwa wokondana ndi kompyuta yake yotchedwa Fate, ndipo chipani cha Norsefire chinatenga dziko itatha nkhondo ya nyukiliya, anthu ali ndi njala ndi mantha, anangochilola. Buku limakuonetsa akuluakulu a boma ali kunyumba kwawo ndi akazi awo, anthu wamba ngati ine ndi inu. Pali mayi wina Rosemary Almond, mwamuna wake ankamumenya, atafa mwamunayo mayiyu anavutika mpaka kukavina m'malo achisangalalo, ndipo ndi iyeyu amene amadzawombera mtsogoleri. Mufilimu mayiyu mulibemo n'komwe, ine pamenepo ndi pomwe anandilakwira. Ife amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi, yoti ukalankhula umayamba wayang'ana kumbuyo, buku lija timalimva mwina.

Admin
Ndale za kuno ayi chonde, tikhale pa buku.

Aphunzitsi opuma
Ndamva bwana, ndasiya.

Membala wosatchula dzina
Zikomo nonse koma funso lachiwiri lija simunandiyankhe, za uhulezo zandiopsa.

Mayi a mapasa
Amwali, ine ndinganene kuti muyambe mwawerenga inuyo, si lalitali kwambiri ndipo zambiri ndi zithunzi. Muli zinthu zolemera, bishopu wogona ana, maliseche apo ndi apo, kuzunza akaidi, wapolisi Finch amamwa mankhwala ozunguza bongo a LSD kuti amvetse maganizo a V. Komatu za bishopuzo mufilimu zilimonso ndipo mwana wanu waziona kale, ku UK filimuyo anaiika ya zaka 15 kupita mtsogolo. Vuto lina ndi chizungu chake, anthu ena amalankhula cha ku Scotland cholembedwa momwe amatchulira, ngakhale ine chinkandizunguza, komanso nkhope za azibambo a boma aja zimafanana ndiye umabwerera masamba kuti uyu ndi ndani kodi. Ngati ndi mwana wokonda kuwerenga mugulireni, koma gawo lomwe V amamutsekera Evey m'ndende yabodza n'kumuzunza kenako n'kumuuza kuti ndakumasula, limenelo mukhale naye pansi mukambirane, mtsikana asamaone ngati chimenecho ndi chikondi.

Bambo a Tada
Apa pokha ndavomera, ngakhale mufilimu gawo limenelo silimandisangalatsa.

Achimwene a ku Leeds
Mayi mukaganiza zogula muwauze alamu anuwo aonetsetse pachikuto palembedwa Alan Moore ndi David Lloyd. Pali buku linanso la dzina lomwelo lolembedwa ndi Steve Moore, lija ndi la mawu okhaokha ndipo analemba potsatira filimu, akalakwitsa n'kugula limenelo ndiye mwagula filimu yomweyo kawiri. Awatumizire chithunzi pa WhatsApp asanalipire.

Membala wosatchula dzina
Chabwino ndawauza kale, akuti akayang'ana Loweruka. Ndiyamba ndine kuwerenga, mwini wake adikire mayeso athe.