Kodi bokosi la zoseweretsa ana tiligule, kapena ndalamayi tiisungire phala?

Wapampando wa komiti ya makolo:
Makolo anzanga ndi aphunzitsi, ndikupempha maganizo anu pa nkhani yomwe tinalephera kuimanga Loweruka lija. Wamalonda wina watibweretsera bokosi la zoseweretsa ana, ndipo muli timatabwa tomangira, zithunzi zoduladula zoti mwana azilumikiza, mikanda yolowetsa pachingwe ndi zilembo za pulasitiki. Mtengo wake ukufanana ndi matumba anayi a chimanga, ndipo ndalama yomwe tinasonkha ndi yomweyo, palibenso ina. M'kalasi ya mmera mpoyamba muli ana 46, a zaka zinayi ndi zisanu. Kodi tiligule?

Bambo wa ku Chinamwali:
A Wapampando, ine ndikukana. Tinakula tikuumba ng'ombe zadothi m'mbali mwa Likangala ndi kupinda galimoto za mawaya, ndipo palibe kholo lomwe linatulutsa tambala. Januwale ndi Febuluwale ali pafupi, pomwe ana ambiri amachoka kunyumba m'mimba muli pululu, choncho ndalamayi igule chimanga cha phala. Komanso mwana wanga ayamba Sitandade 1 chaka chamawa, ndipo ndikufuna akafike akudziwa a, e, i, o, u, osati akudziwa kusewera kokha.

Mphunzitsi wa Sitandade 1:
Bambo, nkhawa yanu ndikuimva, koma ndiloleni ndinene zomwe ndimaona ana a zaka 6 akangofika m'kalasi mwanga. Alipo amene amaloweza manambala mpaka 20 ngati nyimbo, koma ndikawayikira timiyala tisanu ndi tiwiri kuti awerenge, chala chimathamanga kusiya pakamwa, ena amakhudza mwala umodzi kawiri. Mwana amene wasewera bawo savutika motero, chifukwa dzanja lake linazolowera kuti dzenje lililonse limalandira mbewu imodzi. Amene waumba dothi ndi kulowetsa zinthu pachingwe amagwiranso pensulo popanda kuuma zala. Masewerawa ndiwo maphunziro a msinkhu umenewu, ndipo ng'ombe zanu zadothi zija zinakuphunzitsani zambiri ngakhale panalibe amene anazitcha sukulu.

Za bokosili, mtima wanga uli pa timatabwa tokha. Ubwino wake ndi muyeso: tiwiri tating'ono tikagundizana timafanana ndendende ndi kamodzi kakakulu, ndipo mwana amene khoma lake laperewera mbali imodzi amafunafuna yekha mpaka atapeza kuti theka ndi theka zimapanga chathunthu. Zisononkho ndi miyala sizingamuonetse zimenezi poti sizilingana. Friedrich Fröbel, amene anayambitsa sukulu za ana aang'ono zotchedwa kindergarten ku Germany, ankapatsa ana timatabwa totere pa chifukwa chomwechi. Koma zilembo za pulasitikizo sindikuzifuna. Ndinaziwerenga: chilembo chilichonse chilimo chimodzi, kutanthauza kuti mwana sangalembe ngakhale mawu akuti mwana, poti amafuna a awiri, pomwe q ndi x, zomwe m'Chichewa mulibe, zangodzaza malo. Zitsekerero za mabotolo zolembedwa maphatikizo monga ma, me, mi zimagwira ntchito yoposa pamenepo.

Mlezi wa kalasi ya mmera mpoyamba:
Ine amene ndimakhala ndi anawa tsiku lonse ndinene zomwe zinachitika kale. Tinalandirapo zithunzi zolumikiza zinayi kuchokera kwa akufuna kwabwino, ndipo teremu isanathe chithunzi cha njovu chinalibe chitamba ndi mwendo umodzi. Kachidutswa kamodzi kakasowa, mwana amayesa kawiri n'kuchisiya, moti zinathera m'katoni momwe chiswe chinazipeza. Timatabwa n'tosiyana, chifukwa ngakhale titasowa titatu, totsalato timamangabe nyumba. Vuto lina ndi lakuti bokosili lingakwane ana asanu ndi mmodzi pa nthawi imodzi, ndiye ena 40 azichita chiyani? Mikandayo ndikuiopanso, poti ena amabwera ndi ang'ono awo omwe chilichonse amaponya mkamwa kapena m'mphuno.

Kalipentala wa ku Matawale:
Ngati nkhani ndi timatabwa, pa shedi yanga pamatsala zidutswa za paini zambiri zomwe amayi amangotola kukasonkhera moto. Ndikhoza kudula timatabwa 200, tina ta masentimita 4, tina 8, tina 16, kuti muyeso womwe aphunzitsi akunena utuluke bwino. Mundigulire sandipepa ndi kulipira makina odulira, ntchito ya manja ndipereka ulere poti mdzukulu wanga ali m'kalasi momwemo. Thabwa liyenera kukhala louma ndi losathiridwa mankhwala a chiswe, ndipo sindipaka penti, chifukwa ana amaluma.

Mayi wa ku Sadzi:
Ndikuthokoza bambo a kalipentala, koma ine ndili mbali yogula, ndipo ndinena mosabisa. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Chaka chatha tinalonjezana kuti kholo lililonse lisoka chidole cha nsanza, koma zinabwera zisanu ndi ziwiri zokha. Bokosili lilipo lero, laoneka ndi maso, ndipo mwana wanga atangoona mitundu yake anakana kuchoka pakhomo la ofesi. Ana athu nawonso ayenera kugwirako chinthu chokongola, chisamangokhala cha ana a m'sukulu zolipira.

Bambo wa ku Chinamwali:
Aphunzitsi, za timiyala zija ndaziyesa madzulo ano ndi nyemba, ndipo mwana wanga wawerenga zisanu ndi zinayi pomwe zinali zisanu ndi ziwiri. Pa timatabwa ndagonja. Pa phala sindinasunthe, matumba awiri asakhudzidwe.

Mphunzitsi wa Sitandade 1:
Mayi a ku Sadzi anena zoona pa malonjezo, ndipo kukongola si chinthu chopeputsa kwa mwana. Ndingopempha kuti chilichonse chomwe tisankhe, chisakatsekeredwe m'kabati poopa kuti chitha. Tigulenso bokosi lachitsulo losungiramo, ndipo alezi akhale ndi nthawi yoikika tsiku lililonse yoti ana amange m'magulu, iwo akuzungulira ndi kufunsa kuti, "Pakufunika tingati kuti khomali lifanane ndi linzake?"

Wapampando wa komiti ya makolo:
Ndamuimbira wamalonda uja kufunsa ngati angatigulitse timatabwa tokha, ndipo wati bokosi saligawa, koma atidikira mpaka Lachisanu. Bambo a kalipentala, tikupempha mubwere ndi timatabwa 20 Lachitatu m'mawa kuti alezi ayese ndi ana, komiti ikuonerera. Tikasalala ndi kulingana bwino, tidula totsalato, tigula bokosi lachitsulo, ndipo matumba awiri apita ku phala. Timatabwato tikapanda kufika Lachitatu, maganizo a mayi a ku Sadzi tiwavotera Lachinayi madzulo.