Mpweya wa radon m'nyumba: kodi kuno ku Chipata tiziyeza?

Wa_Kalongwezi:
Akuluakulu, ndamva zoti kuli mpweya wotchedwa radon umene umatuluka m'nthaka ya miyala n'kulowa m'nyumba. Ndi mapiri otizingawa, kodi ifenso zikutikhudza? Nanga amayeza bwanji?

Zamiyala:
Achimwene, radon amachokera ku mchere wa m'nthaka wotchedwa yureniyamu amene ali m'miyala, makamaka ya granite. Alibe fungo kapena mtundu, ndiye mphuno sizingakuthandizeni. Panja amamwazika ndi mphepo, koma m'nyumba amalowera m'ming'alu ya simenti ya pansi ndi m'mbali mwa mapaipi, n'kumaunjikana. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pambuyo pa fodya, radon ndi mmodzi mwa zoyambitsa zazikulu za khansa ya m'mapapo, ndipo kwa wosuta ngozi imakula kwambiri. Mu 2009 bungweli linalangiza kuti m'nyumba radon asapitirire 100 Bq/m³ (muyezo wa kuchuluka kwa radon mu mpweya), zikavuta asadutse 300.

Koma phiri palokha si umboni. Nyumba ziwiri zoyandikana zitha kusiyana kutalitali, choncho zotsatira za aneba si zanu.

MayiWaLabu:
Bambo, kachida kodalirika ndi ka alpha track, kabokosi kapulasitiki kokwana m'manja, kosafuna magetsi. Pezani tiwiri, kena kuchipinda chogona, kena pabalaza. Ikani pa shelefu, pafupifupi mita imodzi kuchoka pansi, kutali ndi windo, chitseko ndi dzuwa. Kukhitchini ndi kubafa ayi, chinyezi chimasokoneza. Lembani tsiku loyamba ndi lomaliza, musakasunthe kwa miyezi itatu, kenako kamatireni m'kathumba kake n'kutumiza ku labu msanga. Mukakagoneka m'dirowa mwezi wina osamata, kamapitiriza kuwerenga, nambala n'kutuluka yabodza.

Kuyeza kwa masiku awiri kapena sabata kumanamiza, chifukwa radon amakwera usiku n'kutsika masana. Miyezi itatuyo iphatikize Juni ndi Julaye, pamene mawindo amakhala otseka chifukwa cha kuzizira. Za komwe mungapeze zida, funsani a bungwe la boma loteteza anthu ku cheza choopsa la Radiation Protection Authority ku Lusaka.

Mmisiri_Katete:
Nambala ikatuluka yokwera, yambani mwayang'ana maventi a pamwamba pa mawindo. Ambiri tinawatseka ndi makatoni kapena nsanza pothawa udzudzu ndi fumbi. Chotsani zimenezo, muikepo gozi waya. Kenako matani ming'alu ya pansi, polumikizira khoma ndi silabu, komanso pozungulira paipi ya kuchimbudzi. Pamenepa gwiritsani ntchito silikoni, chifukwa simenti yokha imang'ambikanso.

Kumata kokha sikutsitsa kwambiri. Nambala ikakanabe kutsika, boolani silabu, mukumbe kadzenje kotenga ndowa imodzi ya dothi, mulowetse paipi ya PVC ya 110 mm yokatulukira pamwamba pa denga, ndi fani yokoka mpweya usana ndi usiku. Paipiyo isathere m'siling'i kapena pafupi ndi windo, apo ayi mwangoubweza mpweyawo. Mukatha muyezenso.

Amene mukumanga kumene, yalani pulasitiki wakuda wochindikala musanathire silabu, mapepala apitirirane masentimita 30 ndipo mumate ndi tepi. Anyamata a wilibala asamuboole.

MayiWaLabu:
Chinanso, tisasokoneze radon ndi mpweya wa mbaula. Wa makala uja umapha usiku womwewo, ndipo kabokosi ka radon sikauona n'komwe. Mukamatsekula maventi, mbaula ikhalebe panja pogona.