Zimene ndapeza pa funso langa lokhudza Joe Cada

Mwezi watha ndinafunsa ngati n'zoona kuti munthu wa zaka 21 angalemere ndi poker, popeza anyamata ena kuno ku Chilomoni amakonda kutchula Joe Cada pofuna kutsimikiza kuti makhadi ndi ntchito ngati ina iliyonse. Ndafufuza, ndipo nkhaniyo ndi yoona, koma ili ndi mbali imene iwo saitchula.

Cada, wa ku Michigan m'dziko la America, anapambana mpikisano waukulu wa World Series of Poker ku Las Vegas m'chaka cha 2009 ali ndi zaka 21, n'kuphwanya mbiri ya wopambana wamng'ono kwambiri imene inali ya Peter Eastgate wa ku Denmark, amene anapambana mu 2008 ali ndi zaka 22. Osewera analipo 6,494, malo a munthu mmodzi mtengo wake unali madola 10,000, ndipo mphotho yake inaposa madola 8.5 miliyoni. Pa ndime yomaliza Cada anagwira makhadi awiri a 9, pamene Darvin Moon, wodula mitengo wa ku Maryland, anali ndi Q ndi J. Makhadi asanu a patebulo, omwe osewera onse amawaphatikiza ndi awo, sanam'thandize Moon, motero Cada anapambana.

Chimene anyamatawa amadumpha n'chakuti ndalama yolowera anam'lipirira anthu ena, omwe anatenga theka la mphothoyo, osawerengera msonkho wa boma. Komanso Cada anali atasewera kale pa intaneti kwa zaka zingapo asanafike ku Las Vegas, ndipo chibangili chake chachiwiri, chomwe chimaperekedwa kwa wopambana pa mipikisano ya World Series of Poker, anadzachipeza mu 2014, patapita zaka zisanu.